Msewu wa Mchinji wadzaza ndi mbiri, koma aifotokoze ndani?

Mumzinda wa Belfast ku Northern Ireland muli bizinesi yomwe ambiri kuno tingaidabwe. Mlendo amalipira dalaivala wa takisi kuti amuzungulitse m'madera momwe anthu ankaphana. Amamuonetsa khoma lalitali lomwe limalekanitsa Akatolika a ku Falls Road ndi Apulotesitanti a ku Shankill Road, zithunzi za omenya nkhondo zojambulidwa pamakoma a nyumba, komanso malo omwe mabomba anaphulika. Wofotokoza ndi dalaivala yemweyo, ndipo ambiri mwa madalaivalawa anakulira momwemo zipolopolo zikulira.

Mkanganowo, womwe amautcha The Troubles, unatenga zaka pafupifupi 30 ndipo unapha anthu oposa 3,500 kufikira pomwe mbali zonse zinasainirana pangano la Good Friday pa 10 April 1998. Ena ankafuna kuti dera lawo likhalebe pansi pa Britain, ena ankafuna liphatikizane ndi Ireland. Matakisi akuda omwe akunyamula alendo lero anayamba ngati mayendedwe wamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, mabasi atasiya kulowa m'madera ena poopa kuotchedwa. Makoma aja sanagwe. Mu 2013 akuluakulu a kumeneko analonjeza kuti pofika 2023 adzakhala atawachotsa, koma ambiri alipobe ndipo zipata zina zimatsekedwabe usiku.

Kuno ku Mchinji tilibe khoma, ndipo sitinamenyepo nkhondo ya mtundu umenewo. Koma tili ndi msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kukafika pachipata cha Mwami, womwe ma Sienta, maminibasi ndi akabaza amayendamo tsiku ndi tsiku. Msewu umenewu ukudutsa m'malo momwe munachitika zinthu zowawa zomwe achinyamata ambiri sitinaphunzitsidwe bwino.

Tiyambire pa boma penipeni. Dzina lakale la Mchinji ndi Fort Manning, potengera William Manning, mkulu wa asilikali a Britain. Kuchiyambi kwa 1898 asilikali ochokera mbali ya kuno anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo ndi kulanda ng'ombe zikwizikwi. Tsidya linalo kunamangidwa Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Malire omwe atsamunda anajambula anadula mitundu pakati. N'chifukwa chake mu February Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amaoloka kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo mu August Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Pali mabanja omwe agogo ali ku Zambia, zidzukulu ku Malawi, manda a makolo kwinakwake pakati.

Tifike pamalire. Pa 24 December 1981 Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, mkazi wake Vera ndi mwana wawo anagwidwa cha kumalire kuno. Boma la Kamuzu Banda linati analowa okha m'dziko muno kudzera ku Mchinji kuti adzagwetse boma. Iwo anati anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Khothi la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992 ndipo Vera anatulutsidwa mu January 1993.

Zaka zisanu ndi zinayi izi zisanachitike, mu 1972, a Mboni za Yehova zikwi zambiri anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, kufupi ndi malire athu ano, atamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mazana anafera kumsasako ndi matenda. Mpingo wawo unali woletsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993.

Ndipo wochokera ku Lilongwe asanalowe m'boma la Mchinji amadutsa pa Msundwe. Mu October 2019, dziko likuwira ndi zionetsero zokana zotsatira za chisankho, wapolisi anaphedwa pomugenda ndi miyala pamalopa. Potsatira izi amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi anawagwirira, ndipo mu August 2020 khothi lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi.

Yendani msewu wonsewu muziwerenga zikwangwani. Mupeza za makampani a foni, za mbewu, za feteleza ndi nkhope za andale. Zofotokoza zomwe zinachitika pamalopo muwerenge kuti ndi zingati.

Ndiye maganizo amabwera msanga: bwanji anyamata athu a takisi osachita ngati a ku Belfast? Msika ulipo ndithu. Alendo ochokera ku bwalo la ndege la Kamuzu popita kukaona nyama ku South Luangwa amadutsa pomwe pano, koma amangoima kudinditsa pasipoti basi. Chipata chatsopano chomwe a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula mu December 2022 chinafupikitsanso nthawi yomwe munthu amakhala pamalire. N'zabwino kwa a malole, koma zikutanthauza kuti mlendo akuchoka m'boma lathu osasiyamo kalikonse. M'boma la anthu oposa 600,000, momwe mnyamata wa MSCE amalimbirana pasenjala mmodzi ndi anzake khumi pa siteji, ola limodzi loonetsa mlendo malo likhoza kuposa phindu la tsiku lonse.

Koma tisathamangire ndalama tisanamve zomwe a ku Belfast eni ake amadandaula. Choyamba, nkhani imatengera yemwe wagwira chiwongolero. Dalaivala wa ku Falls amafotokoza nkhondo mosiyana ndi wa ku Shankill, ndipo mlendo amabwerera kwawo atamva mbali imodzi, n'kumayesa kuti wadziwa zonse. Chachiwiri, anthu okhala m'maderawo amatopa ndi alendo ojambula nyumba zawo ngati ali kumalo oonetsera nyama. Chachitatu, pali funso lomwe silinayankhidwebe: n'koyenera kuti wina azidyera pa imfa ya mwana wa mnzake?

Mavuto atatuwa kuno akhoza kukula kuposa kumeneko. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 dziko linasankha zipani zambiri, koma ambiri m'chigawo chapakati anavotera chipani chimodzi. Kwa anthu ena a kuno nthawi ya Kamuzu ndi nthawi ya feteleza wopezeka, misika ya ADMARC yogula mtedza ndi njanji yofika pa boma. Kwa ena ndi nthawi yomwe bambo awo anatengedwa usiku. Onsewa amapemphera tchalitchi chimodzi ndipo amakumana pa maliro amodzi. Mnyamata wofotokoza za nkhanza za a Payoniya akhoza kukhala kuti akunena amalume ake enieni. Nanga andale akangomva kuti pali gulu la madalaivala lomwe likulankhula ndi alendo tsiku lililonse, mukuganiza kuti adzalisiya? Mawa lomwe adzafika ndi mafuta a galimoto ndi matisheti, eti kuthandiza achinyamata.

Za Msundwe ndiye zofunika kusamala koposa. Amayi aja ali moyo, ali m'midzi mwawo, ana awo akupita kusukulu. Wapolisi uja naye anasiya abale. Kuimitsa galimoto pamenepo kuti mlendo ajambule n'kutosa bala lomwe silinapole. Malo otero asakhale pa ndandanda wa aliyense pokhapokha eni ake atanena kuti akufuna, ndipo afotokoze okha.

Ndiye tingokhala chete? Ayi. Kukhala chete ndi komwe takhala tikuchita, ndipo sikunatithandize. Dziko la South Africa linakhazikitsa bungwe loti ozunza ndi ozunzidwa afotokoze poyera, ndipo ku Robben Island ena mwa oonetsa alendo ndi omwe anali akaidi momwemo. Ife bungwe lotero sitinakhale nalo. Tinali ndi National Compensation Tribunal, yomwe inatsekedwa anthu ambiri asanalandire kanthu. Zotsatira zake n'zakuti mbiri yathu timaimva pa misonkhano ya ndale, nthawi ya kampeni, aliyense akudula mbali yomwe ikumukomera. Akuluakulu anati mlandu suola. Ukaukwirira, umatulukira pa WhatsApp ngati chipongwe cha mitundu.

Ku Belfast komweko kuli njira yomwe tingatengere. Magulu a omwe anali akaidi a mbali zonse ziwiri amagwirizana pa ulendo umodzi: wa ku Falls amayenda ndi alendo mpaka pachipata cha khoma, n'kuwapereka kwa mnzake wa ku Shankill kuti afotokoze zakwawo. Sagwirizana pa zomwe zinachitika, koma amalola kuti mlendo amve onse. Kwathu kuno zikhoza kutheka chimodzimodzi. Dalaivala wa ku Mchinji afotokoze za Fort Manning, wa ku Chipata alandire alendo pa Mwami n'kufotokoza za Nsingo monga Angoni a kumeneko amaikumbukira. Pa nkhani ya 1972 alankhule yemwe anathawa, alankhulenso yemwe anali m'chipani ngati ali wokonzeka.

Kuti izi zichitike sipakufunika mabiliyoni. Khonsolo ya Mchinji pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za malo a mbiri akhoza kuika zikwangwani zolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, mawu ake atawunikidwa ndi akatswiri a mbiri a m'mayunivesite athu komanso mafumu. Madalaivala ofuna ntchitoyi aphunzitsidwe, akhale ndi chiphaso, ndipo adziwe kusiyanitsa zomwe zili ndi umboni ndi zomwe anangomva ku bawo. Gawo la ndalama lizitsala m'mudzi momwe galimoto yaima. Ndipo makasitomala oyamba asakhale azungu. Akhale ana a sekondale a konkuno, omwe amaloweza za nkhondo za ku Ulaya kuti akhoze mayeso koma sadziwa chifukwa chomwe boma lawo linkatchedwa Fort Manning.

Ntchito yoyamba ili m'manja mwanu, ndipo siyikudikira khonsolo. Munthu yemwe anali ndi zaka 20 mu 1972 lero wadutsa zaka 70. Chaka chilichonse tikuika m'manda anthu omwe anaona zinthu izi ndi maso awo. Foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi imajambula mawu. Sabata ino khalani pansi ndi agogo, muwapemphe chilolezo, muwafunse komwe anali nthawi ya makhadi, ndani anathawa m'mudzi mwanu, ndani anabwerera. Akakana, alemekezeni. Akalola, sungani mawuwo bwino ndipo musawaponye pa Facebook iwo asanavomere. Takisi idzabwera pambuyo, tikakhala ndi choti tikanene m'menemo.