Mabuleki ndi ulendo wa ku Karonga

Amayi,
Amuna anga akufuna kukonza okha mabuleki a Hilux yathu tisananyamuke ndi ana kupita ku Karonga. Ndikuopa, nditani?
Wodandaula, Lilongwe

Mwana wanga,
Ngati ntchitoyo amaidziwa musawaletse, koma asalowe pansi pa galimoto yongotsamira pa jeke. Kuchipatala ndinaonako nthiti zophwanyika chifukwa cha zimenezi.

Ma brake pad akatsala mamilimita 3 asinthe, mawilo a mbali zonse ziwiri, kenako apope buleki mpaka ilimbe. Brake fluid imayamwa chinyontho n'kuwira pamtsetse ngati wa Chiweta, ndiye azisintha zaka 2 zilizonse. Potsika pamenepo, giya yachiwiri. Buleki ikakhalabe yofewa, kwa makaniko basi.

Fluid yotsalayo ndi poizoni. Chonde osaithira m'botolo la zakumwa, ana angamwe.