Nyimbo zopanda mayina, mbatata yopanda kwawo

Anyamata obena nyimbo pa boma pa Ntcheu andikhumudwitsa, ndipo sabata ino ndiyamba ndi iwowo. Ndinapatsa mmodzi wa iwo memori khadi kuti andiikiremo mavidiyo a nyimbo zakale, zija tinkaonera pa TVM wailesi ya kanema itangofika kumene m'dziko muno. Mnyamatayo anali waulemu ndipo ntchito anagwira msanga. Koma nditakatsegula kunyumba ndinapeza kuti nyimbo zonse azipatsa dzina limodzi: Zakale 1, Zakale 2, Zakale 3, mpaka kumunsi. Woyimba sanalembedwe, chaka sichinalembedwe, ngakhale pologalamu imene nyimbozo zinaulutsidwirapo sinatchulidwe.

Ena mwa oyimbawo ndinawazindikira ndi maso, chifukwa nkhope za Lucius Banda, Mlaka Maliro, Billy Kaunda ndi Ethel Kamwendo Banda palibe wa msinkhu wanga amene angazisokoneze. Koma pakati pa nyimbozo panali ina ya kagulu ka anyamata oyimba ndi banjo, babatoni ndi ng'oma zopanga okha, ataima pansi pa mtengo, kumbuyo kwawo kukuoneka phiri. Ankayimba mokoma zedi, ndipo katchulidwe kawo ka mawu kanali ka kwathu konkuno. Ndinabwerera kwa mnyamata uja kukafunsa kuti amenewa ndi ayani. Iye anati, "Madala, ifetu timangokopa kwa anzathu. Bola ikumveka."

Bola ikumveka! Mawu amenewa ndi amene atiphera zinthu zambiri m'dziko muno, ndipo inu awerengi mukudziwa kuti sindikunama.

Achinyamata a lero sadziwa kuti dziko lino linakhala nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda lopanda wailesi ya kanema yakeyake. MBC inayamba mu 1964, koma inali ya mawu okhaokha. Oyimba tinkawadziwa ndi khutu basi. TVM inadzatsegulidwa mu 1999, ndipo apa m'pamene Amalawi ambiri anaona koyamba nkhope za anthu amene anawamvera kwa zaka zambirimbiri. Kuno kwathu TV inali ya m'nyumba zowerengeka, makamaka pa boma ndi m'misika ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa M1. Kumene kunalibe magetsi anthu ankayendetsera batire ya galimoto, mlongoti atamangirira pansungwi yaitali, ndipo mwana mmodzi ankatumidwa panja kuti aziupotoza mpaka chithunzi chitaoneka bwino. Ikakwana nthawi ya Music Splash, pologalamu ija inapatsa oyimba ambiri mwayi woonekera kwa mtundu wonse, imenenso inachititsa kuti Geoffrey Kapusa adziwike ndi dzina loti Mr Splash, pabalaza pankadzaza mpaka ena kusuzumira pazenera.

Mavidiyo a nthawi imeneyo sanali apamwamba. Woyimba ankajambulidwa ataima pamwala m'mbali mwa mtsinje, kapena pakapinga pa hotela, ovina atatu kumbuyo atavala zofanana. Koma mmenemo muli mbiri yathu: mmene tinkavalira, mmene tinkametera, magule amene anali m'fasho, mmene matauni athu ankaonekera mitengo isanathe. Mulinso magulu ang'onoang'ono amene anaonekera kamodzi kokha n'kubwerera kumudzi kukalima. Akatswiri otchuka ali ndi owakumbukira. Ine amene akundidetsa nkhawa ndi a kamodzi aja, ngati anyamata a babatoni amene tsopano dzina lawo lasanduka Zakale 7.

Chimene chinawonjezera mkwiyo wanga ndi chokoleti. Mwana wa mchemwali wanga amagwira ntchito ku Cape Town, ndipo atabwera kudzationa anandibweretsera kachokoleti kakang'ono kokutidwa m'pepala lokongola. Nditafuna kukatafuna anandigwira dzanja. "Ayi amalume, chimenechi satafuna. Benthulani pang'ono, muike palilime, mudikire chisungunuke chokha." Ndinachita zomwezo. Poyamba chinawawa, kenako kunabwera kuwawasa kwa chipatso, ndipo pomaliza kafungo kake kanatsalira kukhosi nthawi yaitali. Shuga anali wochepa, mkaka munalibe.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi pepala lija. Analembapo dziko limene koko wake anachokera, Tanzania. Analembapo chigwa chake, Kilombero. Analembapo chaka chimene anakolola, ndi kuti magawo 70 mwa magawo 100 alionse a chokoleticho ndi koko weniweni. Kachinthu kotha kudya pa mphindi zochepa kali ndi kwawo, kali ndi chaka chake, pamene nyimbo imene anthu anaivutikira ilibe ngakhale dzina la mwini wake.

Nkhani ya chokoleti cha mtundu umenewu ndi yoti tiimvetse. Koko wambiri wa padziko lapansi, woposa theka, amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Makampani akuluakulu amagula koko wa alimi zikwizikwi, kumusakaniza pamodzi, kumukazinga kwambiri, kuthiramo shuga ndi mkaka, kuti chokoleti cha chaka chino chizikoma chimodzimodzi ndi cha chaka chatha. Mlimi amasowa m'chisakanizocho, ndipo wolima mosamala ndi wolima mwachisawawa amalandira mtengo wofanana. Opanga chokoleti ang'onoang'ono anatenga njira ina. Iwo amagula koko wa dera limodzi, samusakaniza ndi wina, ndipo amalemba dzina la deralo papepala. Ku Mbingu m'chigwa cha Kilombero kuli kampani yotchedwa Kokoa Kamili imene imagula njere zaziwisi kwa alimi ang'onoang'ono, n'kuzivundika m'mabokosi a matabwa kwa masiku angapo, kenako n'kuziyanika padzuwa. Kuvundikako ndi kumene kumadzutsa kukoma kwa koko, ndipo kukalakwika palibe fakitale imene ingakonzenso. Odziwa kulawa amasiyanitsa koko wa ku Kilombero ndi wa m'chigwa cha Sambirano ku Madagascar, ndipo amalipira ndalama zambiri chifukwa cha kusiyanako.

Ena mwa inu mukuti izi ndi za azungu. Ayi ndithu. Kulawa kotereku ife a ku Ntcheu tinabadwa nako. Imani pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off mufunse mayi aliyense wogulitsa mbatata ya kachewere. Akuuzani kuti iyi ndi Rosita, iyi ndi Violet, iyi ndi ya m'dimba, iyi ndi ya mvula, iyi yachokera kumtunda kozizira kwa Tsangano, iyi yadutsa malire kuchokera ku Mozambique. Akuuzani imene imakoma pachiwaya ndi imene imaphikika bwino mumphika. Nyemba nazonso amazidziwa imene imapsa msanga ndi imene imatulutsa msuzi wokhuthala. Nzeru zimenezi n'zosasiyana ndi za olawa chokoleti a ku London.

Koma tsatirani thumba la mbatatalo likakwera lole. Likafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe lasanduka mbatata basi. Mavenda asakaniza ya kumtunda ndi ya kwina, yabwino pamwamba yoonongeka pansi, ndipo wodya chipisi ku Limbe sadziwa kuti akudya thukuta la mlimi wa ku Tsangano amene anadzuka m'chisanu cha mu June kukathirira. Mtengo amaudula ndi wa lole, chifukwa katundu wopanda dzina alibe pokanira. Anzathu a ku Karonga anagwiritsitsa dzina la mpunga wawo wotchedwanso Kilombero, ndipo aliyense wolowa m'sitolo amaufunsa ndi dzina lake n'kulipira mtengo wokwererapo mosanyinyirika. Khofi wa Mzuzu ndi tiyi wa Satemwa wa ku Thyolo amagulitsidwa ndi mayina a kwawo mpaka kunja kwa dziko. Nanga ife, amene timadyetsa mizinda iwiri ikuluikulu mbatata, kabichi ndi tomato, tinalakwa chiyani kuti thumba lathu lizichoka pano lopanda chizindikiro?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sunena za munthu wosauka. Umanena za munthu amene fodya ali naye kale m'manja koma akuchedwa naye. Nyimbo zathu za pa kanema ndi fodya wa pachala. Zili m'matepi a VHS amene akuchita nkhungu m'masutikesi, m'ma CD okandikakandika, ndi m'makompyuta a anyamata obena amene tsiku lililonse angathe kufa ndi zonse zili m'kati. Tepi sikhala mpaka kalekale. Chinyezi chimaidya, kutentha kumaimata, ndipo makina oiseweretsa anasiya kupangidwa.

Tisaganize kuti mphepo imeneyi imaomba osauka okha. BBC ya ku Britain, ndi chuma chake chonse, inafufuta matepi ambiri a zaka zoyambirira za Top of the Pops, pologalamu ya nyimbo imene inayamba mu 1964 n'kuyenda sabata ndi sabata mpaka 2006. Matepi anali odula, ndiye ankajambulapo zina pamwamba. Gulu la The Beatles linakaonekera pamaso m'pologalamuyo mu 1966, koma tepi yake inatayika, ndipo mu 2019 dziko lonse linachita chidwi pamene kachidutswa ka masekondi 11, kopanda mawu, kanapezeka kwa munthu wina ku Mexico. Kanapulumuka chifukwa wina anakajambula panyumba pake n'kukasunga. Ngati zinatere ndi The Beatles, kuli bwanji anyamata a babatoni a kuseri kwa phiri?

Chomvetsa chisoni n'chakuti chitsanzo chabwino tili nacho kale, koma chinachokera kwa alendo. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za m'midzi. Pa nyimbo iliyonse ankalemba dzina la woyimba, dera, chilankhulo ndi chida chimene anagwiritsa ntchito. Zonsezo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo mdzukulu wa woyimba angathe kupeza mawu a agogo ake chifukwa dzina linalembedwa. Gerhard Kubik anajambula filimu ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, ndipo n'chifukwa chake tikutha kuona mmene Daniel ankagwirira gitala. Anthu amenewa analibe foni za m'manja zojambula ngati zimene mwana aliyense ali nazo lero. Anali ndi cholembera ndi khama lofunsa kuti, "Dzina lanu ndani, kwanu n'kuti?"

Ife lero timajambula kwambiri kuposa kale lonse. Pitani ku Nkolimbo pa Umhlangano wa Maseko muone mafoni mmene amakwezedwera m'mwamba ngoma ikayamba, Inkosi ya Makhosi Gomani V ili pompo. Pakatha sabata mavidiyowo amakhala akuzungulira pa WhatsApp opanda dzina la gulu, opanda mudzi, opanda chaka. Pakadzatha zaka 20 mwana adzaona agogo ake akuponda ngoma, chishango m'manja, koma sipadzakhala womuuza kuti ndi iwowo. Ndiponso dzina ndi ndalama. Bungwe la COSOMA silingapereke kalikonse kwa woyimba kapena kwa ana ake amasiye ngati nyimbo ikuyenda yopanda mwini.

Sindikupempha zinthu zofuna thandizo la mayiko akunja. A MBC, amene tsopano akusunga chuma chonse cha TVM, atulutsenso mapologalamu akale a nyimbo aja, awasamutsire m'makompyuta, awaonetsenso madzulo amodzi pa sabata, ndipo pamene dzina la gulu silikudziwika afunse oonera, chifukwa abale a oyimbawo alipo ndipo adzaimba foni. Makope ena akasungidwe ku National Archives ku Zomba. Makalabu ndi makopaletivi a alimi a ku Tsangano, Lizulu ndi Mlangeni agwirizane zosindikiza dzina la dera ndi mtundu wa mbatata pathumba lililonse, ndipo akhonsolo ya boma lino awathandize kuteteza dzinalo kwa osakaniza.

Inunso anyamata obena nyimbo, ndinu osunga mbiri ya dziko lino ngakhale simunadziwe. Kulemba dzina la woyimba sikutenga mphindi imodzi. Ngati simukumudziwa, funsani makasitomala achikulire amene amabwera pa benchi panupo. Ndipo inu awerengi amene muli ndi matepi a VHS m'nyumba, musawapatse ana kuti aziseweretsa. Apukuteni, lembani papepala zonse zimene mukukumbukira za oyimba ali mmenemo, ndipo mupeze wowasamutsira pakompyuta dzinja lisanafike.