Wokana Ntchito ndi Wogonja pa Ntchito

Pali vesi limodzi la m'Baibulo limene limadziwika ngakhale kwa anthu amene sapondako ku tchalitchi. Ndi la pa 2 Atesalonika 3:10, pamene mtumwi Paulo akuletsa mpingo kudyetsa munthu wokana ntchito. Vesili limamveka kwambiri m'miyezi ya njala, makamaka komiti ya m'mudzi ikakhala pansi kulemba mayina a oyenera kulandira chimanga cha thandizo. Dzina lina likatchulidwa, pamapezeka wodzuka n'kunena kuti munda wa ameneyo ndi thengo lokhalokha, ndipo Malemba salola kudyetsa aulesi. Dzinalo limafufutidwa, anthu n'kubalalika mitima ili m'malo.

Koma kodi Paulo ankanena za yani? Kalatayi inapita ku mpingo wa ku Tesalonika, mzinda wa padoko umene lero uli m'dziko la Greece. Mumpingomo munali anthu amphamvu zawo amene anasiya ntchito, n'kumazungulira m'makomo a anzawo, kudya za eni ndi kulowerera nkhani zosawakhudza. Akatswiri ambiri a Baibulo amaganiza kuti ena mwa iwo ankaona ngati kugwira ntchito n'kutaya nthawi popeza Ambuye anali pafupi kubweranso. Paulo anali ndi pakamwa powadzudzulira, pakuti iye mwini anali mmisiri wosoka mahema. Ku Korinto anagwira ntchitoyi pamodzi ndi Akula ndi Priskila (Machitidwe 18:3), ndipo ku Tesalonika komweko ankadzipezera yekha chakudya kuti asalemetse wina aliyense.

Chigamulo chake chinagona pa kukana, osati pa kulephera. Liwu limeneli likachotsedwa, vesi limasanduka chikwapu. Boma la Soviet Union, limene silinkalabadira za Mulungu, linaika mfundo yomweyi m'malamulo ake aakulu a 1936, koma popanda liwu la kukana lija. N'zomvetsa chisoni kuti makomiti ena amene amatsegula msonkhano ndi pemphero amawerenga vesili mofanana ndi boma limenelo.

Aliyense amene wakhalapo kumudzi mu Januwale ndi Febuluwale amadziwa m'mene munda wa munthu wosauka umasandukira thengo. Nkhokwe ikatha, bambo kapena mayi amalawirira kukapalira ndi kubandira m'munda wa wina kuti apeze mbale ya ufa kapena madeya. Pobwerera madzulo, mphamvu zimakhala zitatha, ndipo mawa lake ana amafunanso kudya. Chimanga chimalimbana ndi udzu m'masabata oyambirira chikangomera. Nthawi imeneyo ikadutsa, ngakhale atapalira bwanji, zokolola zimakhala zitachepa kale. Choncho chaka chamawa nkhokwe imatha msanga kuposa chaka chino, ganyu n'kuyambanso msanga. Munthu amene khasu silichoka m'manja mwake ndi amene mudzi umamutcha waulesi, pamene thukuta lake lili m'nkhokwe ya mnzake. Chilala cha 2024, chimene chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti mayiko awo ali pa ngozi, chinagwetsera mu msampha womwewu mabanja ambiri amene kale ankadzidyetsa okha.

Aulesi enieni alipo, ndipo palibe chifukwa chowabisira. Alipo ogulitsa feteleza wa makuponi n'kukathera ndalama ku kachasu, aliponso ongodikira kuti bungwe libwere ndi matumba. Buku la Miyambo limawatumiza oterewa kwa nyerere kuti akaphunzire. Alangizi ndi abusa ayenera kuwauza mosapsatira.

Komabe kudzidalira kwa m'Malemba sikusiya wofooka kuti adzionere yekha. Levitiko 19:9-10 amalamula mwini munda kuti asakolole mpaka m'malire, ndiponso asatole zogwa, kuti aumphawi ndi alendo akunkhe. Lamuloli ndi lanzeru: wosauka sapatsidwa chakudya atakhala pansi, amawerama n'kutola yekha, koma wolemera ndiye amakakamizidwa kumutsegulira mpata. Rute, mkazi wamasiye wa ku Mowabu, anadyetsa apongozi ake Naomi mwa njira imeneyi, ndipo Boazi anauza antchito ake kuti azimusiyira dala ngala zina. Paulo yemwe uja anasonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, ndipo pa 2 Akorinto 8 akuyamikira mipingo ya ku Makedoniya, dera limene kunali Tesalonika, kaamba kopereka mowolowa manja ngakhale inali yosauka.

Ndondomeko zopereka ndalama kwa ovutikitsitsa, zimene zinayesedwa ku Kalomo m'dziko la Zambia mu 2003 ndi ku Mchinji m'Malawi mu 2006, zinazindikira mbali imodzi ya nkhaniyi posankha nyumba zopanda munthu wotha kugwira ntchito, monga za nkhalamba zolera ana amasiye, za odwala ndi za olumala. Ovuta kuwaona ndi aja ali pakati, amene manja ali nawo koma masiku awo anagulidwa kale ndi njala. Kwa iwowa, thumba la chimanga lofika mu Disembala limagula masabata opalira munda wawo, pamene thumba lomwelo likafika mu Malichi limapeza udzu utapambana kale. Ntchito za chitukuko zolipira chakudya, monga kulambula misewu, nazonso zikaikidwa pa nthawi yopalira zimangokhala ganyu wina wochotsa mlimi m'munda mwake. Komiti isanafufute dzina, ndi bwino ifunse anansi kuti khasu la munthuyo linali m'munda wa yani mwezi wathawu.