Mlandu si wa injini

A Mkonzi,

Bambo amene analemba kuti njinga zamoto zamakono zachuluka mphamvu, kodi anafikako kuno kwa Nchilamwela? Akabaza athu sayendetsa zilombo za 1000cc zimene iwo amaonera pa kanema. Kuno ndi Lifo ndi Boxer, za 125cc kapena 150cc basi. Abwere nthawi ya chiperoni, dothi lofiira litatereratu, adzaone njinga itabereka mayi, mwana ndi thumba la chimanga ikulira pa chitunda cha m'minda ya tiyi. Nthawi zina wokwera amachita kutsika n'kumakankha. Ndiye mphamvu yake iti akufuna ichepetsedwe?

Chikutha anthu n'china. Mnyamata amaphunzira masana amodzi pabwalo la mpira, mawa lake ali pamsewu wa Limbe–Muloza kupikisana ndi malole. Laisensi alibe, mabuleki anadyeka kalekale, helimeti yangokolekedwa pachiwongolero, kudikira pomwe pali apolisi. Mwininjinga naye akufuna ndalama yake madzulo, kaya kwagwa mvula.

Bambowo akadalemba za mtengo wa laisensi ndi sukulu yoyendetsa, umene mwana wa wothyola tiyi sangaukwanitse.

Wowerenga wanu,
kwa Nchilamwela, Thyolo