Kapinga kapena ndiwo: mwayi wa bizinesi womwe wagona m'mabwalo a ku Chambe

Mulanje: Pomwe bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse lapansi mu July 2025, kukhala malo achitatu a m'Malawi pambuyo pa Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni mu 2006, zokamba zambiri zidakhazikika pa alendo odzaona malo, misewu ndi nyumba zogona alendo. Funso lomwe silidamveke kwenikweni ndi lakuti kodi anthu okhala m'tsinde mwa phirili, makamaka a ku Chambe ndi Likhubula komwe alendo ambiri amayambira ulendo wokwera phiri, apezapo chiyani kupatula kunyamula zikwama za alendo ndi kugulitsa ziboliboli.

Imodzi mwa ntchito zomwe zingayankheko funsoli ndi yosatchuka konse: kukonza ndi kusamalira madimba a ndiwo zamasamba pa malo a anthu ena, ngati mbali imodzi ya ntchito yokongoletsa mabwalo. M'malo modzala kapinga ndi maluwa okhaokha kuzungulira ofesi, sukulu kapena nyumba yogona alendo, munthu waluso amayala mabedi a mpiru, repu, letesi, anyezi, karoti ndi tomato mwadongosolo loti maso akondwere, kenako n'kumabwera kudzathirira, kupalira ndi kubwezeretsa mbande. Malipiro ake sachokera pa mulu wa ndiwo pamsika ayi, koma pa luso, mbande, manyowa ndi nthawi yake. M'maiko ena ntchito yotere idazika kale mizu. M'tauni ya Todmorden ku England, mwachitsanzo, anthu adayamba mu 2008 kudzala ndiwo m'malo a boma, kuphatikizapo kutsogolo kwa polisi.

Chomwe chikuchititsa kuti ganizoli likhale loyenera kuliunika ku Chambe ndi vuto la malo. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti boma la Mulanje lili ndi anthu oposa 684,000, ndipo ndi limodzi mwa maboma omwe anthu adathithikana kwambiri m'dziko muno. Gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti a tiyi, pomwe phiri lenilenilo ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chambe yemwe wamaliza Fomu 4 amapeza kuti munda wa makolo adagawanagawana kale, ndipo kumwamba kwa mudzi kuli malire a nthambi ya zankhalango. Ena mwa achinyamata otere ndi omwe amathera kootcha makala ndi kucheka matabwa mozemba, zomwe boma lakhala likulimbana nazo kwa zaka zambiri, mpaka kukhwimitsa zilango posintha lamulo la zankhalango mu 2020. Uphungu wakuti achinyamata alowe mu ulimi umamveka bwino pa msonkhano, koma kwa munthu wopanda pokhoma khasu umangokhala mawu chabe.

Komatu malo alipo, kungoti ali kuseri kwa mipanda. Yemwe wayendapo pa msewu wochokera ku Chitakale kulowera ku Phalombe, kapena kuzungulira pa boma la Mulanje, amaona mabwalo a sukulu, zipatala, mipingo, maofesi ndi nyumba zogona alendo atadzaza kapinga yemwe amafuna kutchetcha nthawi yonse ya dzinja. Ndalama zimatuluka kulipira otchetcha. Kenako malo omwewo, makamaka sukulu zogonera komweko ndi zipatala, amatulutsanso ndalama zina kukagula kabichi ndi tomato zomwe nthawi zina zachokera kutali ngati ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Ndalama ziwirizi zimalembedwa m'mabuku osiyana, ndipo n'chifukwa chake sizimaoneka kuti zikukhudza nthaka imodzi.

Wina angafunse kuti bwanji achinyamatawo osangolima m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ndi kukagulitsa pamsika monga achitira anthu ena onse. Yankho lake alimi a tomato amalidziwa bwino. M'miyezi ya chilimwe, pomwe aliyense wokhala ndi dimba wakolola, ndiwo zimasefukira pamsika, mitengo imagwa, ndipo zotsala zimaolera pa thebulo kaamba kosowa posungira pozizira. M'miyezi ya January mpaka March mtengo wa tomato umakwera, koma ndi ochepa omwe amakhala naye chifukwa mvula yambiri imabweretsa chiwawu. Boma la Mulanje lidakhalapo ndi fakitale ya ADMARC yoika zipatso ndi tomato m'zitini, yomwe inkapatsa alimi msika wodalirika, koma mlimi wamng'ono wa lero amadalira kwambiri mavenda, omwe amatchula okha mtengo. Wosamalira dimba la pa nyumba yogona alendo, yemwe ali ndi mgwirizano wolipidwa pa mwezi, sakhudzidwa kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kotereku. Mwini malo naye amapindula chifukwa nthawi yomwe alendo okwera phiri amachuluka, kuyambira May mpaka October, ndi yomweyonso yomwe ndiwo zothirira zimachita bwino.

Luso silochita kuitanitsa kunja. Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya Forestry Research Institute of Malawi ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International, lidakhazikitsa nazale m'midzi yozungulira phirili pofuna kupulumutsa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino womwe kafukufuku wa mu 2017 adapeza kuti yaikuluikulu idangotsala isanu ndi iwiri m'phiri monse. Anthu a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi, adaphunzira kusakaniza dothi, kuthira m'machubu, kufesa, kuika mthunzi ndi kukhwimitsa mbande zisanakaokedwe. Munthu yemwe adakwanitsa kulera mbande ya mkungudza, yomwe ndi yosachedwa kufa, sangavutike ndi mbande ya kabichi. Vuto la nazale za mapulojekiti ndi lakuti wogula amakhala mmodzi, ndipo thandizo likatha msika umathanso. Mbande za ndiwo zili ndi ogula chaka chonse.

Palinso anthu achikulire omwe adagwirapo ntchito yosamalira maluwa ndi madimba pa nyumba za mabwana a m'maesiteti, komanso Amalawi ambiri omwe adakagwira ntchito yomweyi m'makomo a ku Johannesburg ndi Cape Town ndipo ena adabwerera kumudzi. N'zodabwitsa kuti luso lomwe eni nyumba a ku South Africa amalifunafuna mwa Amalawi, kuno kwathu timalitcha ugadenibhoyi ndipo sitiliwerengera ngati ntchito yoti munthu n'kukhala nayo ndi satifiketi. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lingathe kuthandiza anthu oterewa kupeza mapepala owayenereza kupikisana nawo pa makontirakiti.

Pambali pa kusamalira dimba, bizinesiyi ili ndi katundu wogulitsa: mbande za m'mathireyi, kompositi wa m'matumba, mbewu za ndiwo zamakolo monga bonongwe, luni ndi chisoso, ndiponso mitengo ya zipatso yomezanitsa. Kompositi ndiye wafika pofunika kwambiri chichitikireni kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, zomwe zidakweza mtengo wa feteleza ndi mankhwala ochokera kunja.

Zovuta zilipo, ndipo zina ndi za ku Mulanje kokha. Nthaka ya m'madera a tiyi ndi yowawasa, yomwe tiyi amaikonda koma kabichi ndi anyezi sizikondwera nayo pokhapokha itathiridwa laimu, phulusa kapena manyowa okwanira. Chinyezi cha chiperoni chimalimbikitsa matenda a masamba. Malo oyandikana ndi nkhalango amavutika ndi apusi ndi anyani, omwe angathe kumaliza bedi lonse m'mawa umodzi. Mbozi ya Tuta absoluta, yomwe yasautsa alimi a tomato m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi, yachititsa alimi ena kupopera mankhwala mopyola muyezo. Pa bwalo la sukulu kapena chipatala, pomwe ana ndi odwala amadutsa tsiku lililonse, kupopera kotere n'kosaloleka, ndipo wogwira ntchitoyi ayenera kudziwa mankhwala omwe bungwe la Pesticides Control Board lidavomereza komanso masiku oyenera kudikira asanathyole ndiwo. Apa alangizi a zaulimi ndi akatswiri a pa Bvumbwe Research Station, omwe ntchito yawo ndi kufufuza za ndiwo ndi zipatso, ali ndi gawo lalikulu.

Nkhani ya madzi ndiyo yofunika kuisamala koposa. Mtsinje wa Likhubula suphwa, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Blantyre Water Board lidamanga mapaipi otenga madzi okwana malita 20 miliyoni patsiku kupita nawo ku Nguludi ndi mumzinda wa Blantyre, ntchito yomwe idatha mu 2019 ndi ngongole yochokera ku India. Ntchitoyi isanayambe anthu ena a ku Mulanje adaikana, ponena kuti madzi akupita kutali pomwe eni dera sakupindula. Madandaulo amenewo akusonyeza kuti madzi a m'phirili ali ndi owafuna ambiri. Dimba la pa ofesi lothiriridwa ndi madzi a pampopi olipira silingapindule, ndipo kupatutsa madzi mumtsinje pochita malonda kumafuna chilolezo malinga ndi lamulo la zamadzi la mu 2013. Njira yomwe ili pafupi ndi kukolola madzi a mvula kuchokera pa malata a nyumba zomwezo, popeza Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yochuluka zedi, kuphatikizapo kuphimbira mabedi ndi udzu womwe watchetchedwa pabwalopo.

Namondwe wa Freddy, yemwe adagwa mu March 2023 ndi kuononga kwambiri m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, adaonjezera mfundo ina. Madimba a m'mbali mwa mitsinje yotsika m'phiri adakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga ndi miyala. Boma lakhala likuletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje kwa nthawi yaitali, koma chiletso chopanda malo ena olowera sichimveka. Mabwalo a sukulu ndi maofesi ambiri ali pa mtunda.

Msika wa nyumba zogona alendo wokha ndi wochepa, sungadyetse magulu ambiri, ndipo eni nyumba a ku Blantyre omwe angafune dimba lokonzedwa bwino ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70, komwenso kuli opikisana nawo. Wogula wamkulu yemwe ali pafupi ndi boma lenilenilo kudzera mu khonsolo, sukulu ndi zipatala. Mu 2020 boma lidatulutsa lamulo lopereka mwayi wapadera kwa mabizinesi ang'onoang'ono pa kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, kotero maziko alipo. Chomwe chikusowa ndi kalembedwe ka makontirakiti. Chikalata choitanira anthu ku ntchito yosamalira bwalo chikangonena za kutchetcha kapinga, kusadza mpanda ndi kuthirira maluwa, wopambana adzachita zomwezo basi. Chitanena kuti gawo lakutilakuti la bwalo likhale la ndiwo ndi zipatso, ndi kuti wopambana apereke ndiwo zochuluka mwakuti ku khitchini sabata iliyonse, ntchitoyo yasanduka ina ngakhale ndalama zake zisadasinthe kwenikweni.

Mgwirizano wotere uyenera kunena poyera kuti zokolola ndi za yani. Ndiwo zolimidwa pa nthaka ya boma zikakhala zopanda mwini wodziwika, zimathera m'majumbo a ogwira ntchito poweruka, ndipo owerengera chuma cha boma adzakhala ndi mafunso omveka. Zingatheke kugwirizana kuti khitchini itenge gawo lake, zotsala wolimayo agulitse, ndipo mtengo wa kontirakiti utsikeko molingana. Uyeneranso kukhala wa nthawi yotalikirapo, popeza nthaka yomwe yakhala pansi pa kapinga zaka zambiri siyamba kubereka bwino m'miyezi itatu, ndipo palibe angathire manyowa ake pa malo omwe chaka chamawa adzapatsidwa kwa wina.

Chotsalira ndi kalipiridwe. Amalonda operekera katundu ku nthambi za boma akhala akudandaula kwa zaka zambiri za kuchedwa kwa malipiro. Kampani yaikulu imatha kudikira miyezi isanu ndi umodzi potenga ngongole ku banki. Gulu la achinyamata asanu a ku Chambe, lomwe mpamba wake ndi wilibala, makheni awiri ndi ndalama za ku banki mkhonde, likadikira miyezi iwiri yokha limabalalika, mabedi n'kuuma, ndipo ofesi yomwe idachedwetsa cheke ndi yomwe idzalembe lipoti lakuti achinyamatawo ntchito idawakanika.