Tauni yosamukirako sasankhira pa windo la thiraki, kwerani njinga yamoto mukaone nokha

Nkhani yochoka ku Harare kukakhala kumudzi yachuluka muno m'gulu masiku ano. Wina akuti Mwanza, wina Dedza, wina Ntcheu, winanso waika kale zithunzi za poloti yomwe akuti ili "pafupi ndi boma", mtengo tikambirane kumbali. Ife a ku Budiriro amene timayenda ndi katundu pakati pa Harare ndi Malawi tikuti imani kaye. Musagulitse nyumba, musatumize ngakhale dola imodzi, musanakwere njinga yamoto n'kuyenda nokha m'mapiri amenewo, kunja kwa phula, makamaka nthawi ya mvula.

Chimene chikukuthamangitsani tikuchidziwa, nafenso chikutithamangitsa. Madzi a pampopi kwathu kuno ndi mlendo, timadalira mijigo ndi zitsime. Kolera wa 2008, amene anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe muno, anamanga msasa pakhomo pathu pomwe, ndipo mu 2018 anabwereranso ku Glen View ndi Budiriro. Mu Disembala 2020 nyumba zoposa 100 zinagwetsedwa ku Budiriro 5 mvula ili mkati. Munthu amene makolo ake anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi akaona zimenezi, mtima umathawira kumapiri a kwawo, ndipo palibe angamudzudzule. Koma taganizani. Eni nyumba zogwetsedwa zija anagula malo pokhulupirira kapepala ndi pakamwa pa munthu, malowo akuwaona ndi maso. Inu mukufuna kuchita zomwezo m'dziko lina, pa WhatsApp, malo osawapondako n'komwe?

Achimwene athu madalaivala, musakwiye, koma tiyambire inu chifukwa ndinu amene mukupereka malangizo kwambiri. Mumati Malawi mumamudziwa popeza mumadutsako kawiri pamwezi. Zoona, Nyamapanda, Cuchamano, Changara, mlatho wa Kassuende, Moatize, Zobue, Mwanza mpaka pa Zalewa, dzenje lililonse mumalidziwa. Opita ku Lilongwe mumadziwanso yokhotera ku Angonia kukatulukira ku Calomue ndi Dedza. Koma chimene mumaona ndi mzere umodzi wa magolosale, malo omwetsera mafuta ndi maresitihausi. Tauni ya pamsewu waukulu imasamba kumaso kokha. Thiraki singakhote kukaona kumene amayi amatunga madzi mu Okutobala, singatsike kukaona kamlatho kamitengo kamene kamalekanitsa poloti yanu ndi sukulu. Inu mumadziwa pogona usiku umodzi. Ife tikukamba pokhala zaka makumi awiri.

Titanena koyamba za njinga yamoto, ena munaseka, ati zimenezo ndi za azungu oyendayenda. Azungu aja amabwera ndi zinjinga zawo zazikulu, amamwa khofi pa Dedza Pottery, amakajambula zolemba za pamiyala ku Chongoni, n'kumapita. Iwo amafuna malo okongola. Ife tikunena kanjinga ka kabaza, Boxer kapena Lifo, chifukwa mukasamukira kumeneko ndi komweko kadzakhale basi yanu, lole yanu ndi ambulansi yanu. Pamene njinga yakanika kudutsa, dziwani kuti katoni yanu ya sopo sidzadutsanso, ndipo mayi anu akadzadwala usiku adzanyamulidwa pamachira. Mayeso ake ndi amenewo, ndipo minibasi singakuchitireni.

Tengani chitsanzo cha Neno. Pa mapu malowa ndi abwino zedi: ali pafupi ndi boda ya Mwanza, nthaka ndi yachonde, manachesi ndi mbatata ya kachewere zimachita bwino, kumtunda cha ku Dambe ndi Tsangano amalima ngakhale tirigu. Malo ndi otsika mtengo poyerekeza ndi Blantyre. Aliyense wowerenga zimenezi ali ku Budiriro 4 angati ndapeza. Ndiye kwerani njinga pa Mwanza mu Febuluwale, mukwere mapiri a Kirk Range kudzera pa boma la Neno kulowera ku Tsangano. Neno inakhala boma palokha mu 2003, kuchoka ku Mwanza, ndipo msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza wakhala ukulonjezedwa ndi maboma osiyanasiyana. Asilikali anapatsidwa ntchito yomanga mbali ina, koma mtunda wautali ukadali dothi. Dothi lake ndi katondo, mvula ikagwa amaterera ngati therere. Mudzatsika panjinga n'kumakankha, mudzapeza lole ya mbatata itatitimira, eni ake atakhala pamatumba kudikira dzuwa. Apo m'pamene mudzamvetse chifukwa chake malo ndi otchipa. Sitikuti Neno ndi woipa. Pali anthu amene akupha makwacha kumeneko pogula zokolola nthawi yachilimwe n'kukagulitsa m'tauni. Tikuti munthu wa geni ya zovala ndi ziwiya, wozolowera kutsika kombi n'kulowa Mbare Musika, ayambe waona msewuwo ndi msana wake asanalumbire. Walira mvula walira matope.

Mukatsikira pa phula cha ku Tsangano Turn-off, nkhani imasintha. Kuchokera pamenepo kudutsa Lizulu, Bembeke mpaka Dedza, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu ukangowoloka msewu uli m'Mozambique. Misika yake ndi yamoyo: kabichi, tomato, anyezi, nyemba, kachewere, magalimoto a ku Lilongwe ndi Blantyre kumangopakira. Apa ndi pamene ambiri a ife timakopeka. Koma imikani njinga, mukhale masiku atatu, limodzi likhale la msika, ena awiri wamba. Muwerenge makasitomala tsiku wamba. Mufunse mtengo wa shuga, mafuta ophikira, zitenje ndi mapulasitiki, muone kuti zambiri zalowa kuchokera tsidya lija panjinga zomwezi, ndiye muwerengere ngati katundu wanu wolipira thiransipoti kuchokera ku Harare kapena ku Joni, wolipiranso msonkho pa boda, angapikisane nazo. Ndalama ya m'madera amenewa imayendera zokolola. Ikakhala miyezi yokolola aliyense ndi bwana, ikafika Januwale ndi Febuluwale anthu amagula mchere ndi sopo basi. Wogulitsa poloti sadzakuuzani zimenezi, chithunzi chake anajambula mu Juni.

Tauni za pa boda nazo muzizifunsa kuti zimadya chiyani. Mwanza imadya thiraki yochedwa. Dalaivala akagona masiku atatu kudikira mapepala, wa chakudya, wa chipinda ndi wosintha ndalama onse amadya. Tsopano pa Mwanza ndi pa Dedza anamanga nyumba zatsopano za boda n'cholinga chakuti magalimoto azidutsa msanga. Kwa dalaivala ndi nkhani yabwino. Kwa inu amene mukufuna kumanga resitihausi ndi ndalama ya nyumba ya ku Budiriro, khalani pansi muwerengere bwino.

Za kuzizira sitichedwapo. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kuposa Harare pang'ono chabe, ndiye juzi ya Juni tili nayo kale. Chovuta ndi nkhungu, imene imatseka msewu mpaka osaona ng'ombe ili patsogolo pako. Ndipo amene akuti adzakhala ku Dedza n'kumatenga usipa kunyanja, atsike kaye Khwekhwerere kupita ku Golomoti, akwerenso ndi katundu kumbuyo, adzatiuze.

Pali chinthu china chimene phiri limabisa pachithunzi. Poloti ya m'mphepete mwa phiri imaoneka bwino, mphepo yabwino, ukuona tauni yonse pansi. Ife a m'Zimbabwe tikukumbukira zimene namondwe wa Idai anachita ku Ngangu, ku Chimanimani, mu Malichi 2019. Mu Malichi 2023 Freddy anachita zomwezo ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'Malawi. Matope ndi miyala zinatsata makwawa amene anthu anali atamangamo nyumba. Choncho mukafika pa poloti, siyani njinga, mukwere wapansi kumtunda kwake. Muone ngati mitengo inatha, muone kumene madzi amadzera, mufunse agogo a pamenepo kuti chimwala chili pakati pa mundacho chinabwera liti.

Tsopano nkhani imene ambiri safuna kuimva. Ambiri a ife tinabadwira kuno, bambo a ku Malawi, mayi a kuno. Timati "tikupita kwa bambo, malo alipo". Kwa Achewa ambiri a ku Dedza ndi midzi yambiri ya ku Ntcheu, Mwanza ndi Neno, munda umayendera kuchikazi. Malo a kwa bambo anu ndi a alongo awo ndi ana a alongo awowo. Adzakulandirani bwino, nkhuku idzafa, adzakutchulani mwana wathu, koma mukadzayamba kuumba njerwa m'pamene mudzamve mawu akuti mbumba. Zimenezi sizimveka pafoni, pafoni aliyense amati bwerani. Zimamveka mukakhala pakhonde ndi azakhali ndi eni mbumba, kenako n'kupita limodzi kwa nyakwawa. Kumbali ya boma, Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, koma sizichitika zokha, pamafunika mapepala. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa zinthu kwa munthu amene si nzika. Ngati mulibe chiphaso cha unzika cha ku NRB, yambani ndi chimenecho. Mukalembetsa poloti m'dzina la msuweni chifukwa inu mulibe chiphaso, polotiyo ndi ya msuweni, ndipo ana ake akudziwa.

Ena mwanena kuti njinga yamoto imapha. Apa simukunama, ndipo sitikutsutsani. Zipatala za ku Malawi zadzaza ndi anthu othyoka miyendo chifukwa cha kabaza. Yankho lake ndi kuyenda mwanzeru: chisoti chanuchanu chomanga pachibwano, jekete yamvula, nsapato zotseka, kuyenda masana okha, munthu mmodzi kumbuyo osati atatu. Ngati simunayendetsepo m'matope, musaphunzirire pa Kirk Range. Pezani wa kabaza wachikulire wa m'deralo, mugwirizane mtengo wa tsiku lonse, mafuta anu. Ameneyo ndiyenso amadziwa mudzi uliwonse, poloti imene ili pamlandu, ndi mjigo umene umauma. Kuchoka ndi njinga yanu ku Harare n'kotheka, koma ndi mapepala a kasitomu pa maboda onse, inshuwalansi ina ya Mozambique chifukwa Yellow Card ya COMESA sigwira kumeneko, kuphatikizapo kutentha kwa ku Tete. Ife timati kwerani basi monga mwa masiku onse, mugulitse katundu wanu, njinga mukaipeze pa Mwanza kapena pa Ntcheu. Mafuta amasowa nthawi zina m'Malawi, musanyamuke kupita kumapiri thanki ili theka.

Amene mukuti ulendo wotere ndi kuwononga ndalama, tiwerengere limodzi. Sabata imodzi ya kabaza, chipinda ndi chakudya, muiike pambali pa nyumba ya ku Budiriro imene ikubweretsa lendi ya madola mwezi ndi mwezi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagulitsa nyumba kuno n'kusunga makwacha podikira kumanga anagona ndi ndalama ya nyumba, anadzuka ndi ndalama ya maziko. Ife a m'Zimbabwe, amene tinaona za 2008, sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi kawiri. Nyumba ikhale, muikemo alendi. Tauni imene yakusangalatsani panjinga, mukachite lendi chipinda chimodzi kumeneko, muyese geni yanu kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ikakudyetsani miyezi imeneyo, kambani za poloti, ndipo mukalipire muli pamalopo, a khonsolo kapena amfumu ndi mboni zili pomwepo.

Kwa ma adimini a gulu lino, pempho lathu ndi ili. Aliyense woika poloti ya ku Malawi muno azilemba dzina la mudzi, mfumu yaikulu ya deralo, mtundu wa mapepala amene alipo, mtunda wake kuchoka pa phula, ndi kanema wa msewu wopita kumeneko wojambulidwa nthawi ya mvula. Wokana kutero, positi yake ichotsedwe tsiku lomwelo.