Mutu Wouma Kulibe

Mawu akuti "mutu wanga ndi wouma" amamveka pakati pa aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi atsogoleri ena ku Chisepo, m'boma la Dowa. Oterewa amakhala pa udindo umodzi kufikira atapuma pantchito, ponena kuti sukulu inawapitirira. Maganizo amenewa ndi mdani wa chitukuko.

Onse akumbukire kuti Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, anachoka ku Kasungu wapansi akali mnyamata. Anagwira ntchito yonyozeka pachipatala cha Hartley ndi kumigodi ya ku Joni, koma buku sanalitaye. Udokotala anaulandira ku Meharry m'chaka cha 1937, patapita zaka zoposa 20.

Lero njira inafupika. Maphunziro a m'makalata, omwe Boma linakhazikitsa m'chaka cha 1965, anatsegulira khomo ngakhale wantchito wakumudzi. Wolephera mayeso a MSCE alembenso. Akuluakulu a m'maofesi asanyoze wofunsa, pakuti safunsa anadya phula. Mlimi wa ku Chisepo sataya munda chifukwa cha chaka chimodzi choipa. Wantchito nayenso asataye maphunziro.